Thonje langa ndi malamulo a ku Geneva

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndinene zimene zakhala zikundidya mumtima chigulitsireni thonje chaka chino. Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala kuno ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Choko ndinachigwira zaka 31, koma khasu sindinalitayepo, ndipo thonje ndinayamba kulima ndili mnyamata m'munda wa malemu bambo anga. Panopa ndine mlembi wa kalabu yathu ya alimi, poti anzanga anati kope asunge ndi aphunzitsi.

Tsiku la msika tinalawirira kusanache. Dzuwa la kuno mukulidziwa, likangokwera pang'ono munthu umayamba kusaka mthunzi. Tinakhalira matumba athu mpaka masana. Mnyamata wa kampani yogula thonje atatchula mtengo, panabuka phokoso. Gogo wina amene tinayandikana minda, mayi wamasiye wolera zidzukulu zinayi, anadzuka n'kumuloza chala mnyamatayo. "Mwanawe, kodi amako analimapo thonje? Ndalama imeneyi ndi ya mankhwala okha, nanga thukuta langa?" Mnyamatayo sanachite mwano. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Agogo, pepani, mtengowu si ine ayi. Ndi msika wa kunja." Gogo uja anakhala pansi. Tonse tinangoti chete, ndipo tinagulitsa.

Mawu amenewa, akuti msika wa kunja, ndawamva kwa zaka zoposa 40. Timawalandira monga timalandirira ng'amba kapena madzi a Shire akasefukira, ngati chinthu chochokera kumwamba chimene munthu sungachiyankhe. Chimene ndalembera kalatayi n'chakuti msika wa kunjawo si mvula. Uli ndi malamulo, malamulowo anawalemba ndi anthu, m'mizinda yodziwika mayina, ndipo powalemba anayamba aganizira alimi a kwawo.

Amene sanalimepo thonje sadziwa kuti ndi mbewu yosamugoneka mwini wake. Ukadzala ndi mvula yoyamba, kukubwera kupatulira, kenako kupalira kawiri katatu. Likayamba maluwa ndiye nkhondo ya mbozi, nsabwe ndi kodikodi. Umabereka mpope kumsana, madzi a mankhwala akukuchuchira m'malaya, pofika madzulo msana wonse ukuyabwa, mutu ukuwawa. Pa nthawi yotola, makoko ouma amakulasa m'mbali mwa zikhadabo mpaka zala kutupa. Ukafika nalo pakhomo ntchito sinathe: mumakhala pakhonde banja lonse kusankha loyera ndi lothimbirira, kuchotsa tizinyalala timodzitimodzi, kuti akaliike pa giredi yabwino. Ukakolola uyenera kuzula mitengo yake n'kutentha kuti tizilombo tisagonere chaka chamawa. Zonsezi ndi manja. Ndiye pamapeto pake munthu akuuze kuti mtengo anakonza ndi ena amene sunawaonepo.

Nditapuma ntchito ndinapeza nthawi yofufuza kuti enawo ndi ndani. Wailesi inandithandiza, ndi foni imene mwana wanga wa ku Blantyre ananditumizira. Ku Geneva, m'dziko la Switzerland, kuli bungwe loona za malonda a dziko lonse lotchedwa WTO. Linayamba ntchito pa 1 Januwale 1995, mayiko atasainirana pangano ku Marrakesh m'dziko la Morocco chaka cha 1994, ndipo Malawi analowa chaka chomwecho cha 1995. Lero lili ndi mamembala 166, ndipo mkulu wake ndi mayi wa ku Nigeria, a Ngozi Okonjo-Iweala. Papepala zonse ndi zokoma. Dziko lililonse lili ndi mpando wake, lalikulu ndi laling'ono lomwe, ndipo akuti chinthu sichidutsa pokhapokha onse atavomereza.

Koma taonani mmene anakonzera lamulo la zaulimi. Anayang'ana ndalama zimene boma lililonse linkapatsa alimi ake pakati pa 1986 ndi 1988. Mayiko olemera, amene ankapereka zochuluka zedi, anauzidwa kuti achotsepo magawo 20 pa 100 aliwonse m'zaka 6, zotsalazo akhoza kupitiriza. N'chifukwa chake America mpaka lero ili ndi chilolezo chopereka madola 19.1 biliyoni pa chaka a sabuside ya mtundu umene iwo omwe amavomereza kuti umasokoneza mitengo. Mayiko amene sankapereka kanthu chifukwa cha umphawi sanalandire chilolezo chotero. Anangowaikira malire a magawo 10 pa 100 a mtengo wa zokolola zawo. Amene mbale yake inali yodzaza anamuuza kuti atapepo pang'ono. Amene mbale yake inali yopanda kanthu anamulembera mzere woti asapitirire. Ndiye amati lamulo ndi limodzi kwa onse.

Ndinene chilungamo apa, kuopa kuti odziwa malamulo angandigwire pakamwa. Pangano lomwelo limalola dziko losauka kuthandiza alimi ake ovutika ndi zipangizo monga feteleza ndi mbewu. Ife chimene chinatimanga manja kwambiri si Geneva, koma thumba lobooka ndi otikongoza ndalama. Kuyambira 1981 Malawi analowa m'ndondomeko za IMF ndi World Bank zokonzanso chuma. Mu 1987 anatsegulira anthu wamba kugula mbewu za alimi, misika yambiri ya ADMARC ya kumidzi inatsekedwa, ndipo sabuside ya feteleza inapita ikuchepa mpaka kutha. Ankatiuza kuti boma lichoke pa msika, msika udziyendetse wokha. Pamene malemu Bingu wa Mutharika ankayambitsa makuponi mu 2005, ambiri mwa otithandizawo sanakondwe nazo. Komatu nthawi yonseyo, kwawo, maboma awo anali pa msika ndi miyendo yonse iwiri.

Chitsanzo chake ndi thonje lomweli. M'chaka cha 2001 kulowa 2002, alimi a thonje a ku America, amene analipo ngati 25,000 okha, analandira kuchokera ku boma lawo madola oposa 3 biliyoni. Mlimi wotero mtengo ukagwa sagwa nawo. Amadzalabe, amakolola ndi makina, thonje limadzaza msika, mtengo n'kutsikiratsikira. Amene amagwa ndi wa ku Ngabu, wa ku Balaka, wa ku Salima, ndi anthu oposa 10 miliyoni a kumadzulo ndi pakati pa Africa amene amadalira thonje. Si America yokha. Mayiko a ku Ulaya amathandiza alimi a thonje a ku Greece ndi Spain, ndipo masiku ano China imapereka zambiri kuposa onse, India nayo imagula thonje la alimi ake pa mtengo woikidwa ndi boma. Aliyense amene ali ndi thumba amatchinjiriza wake. Gogo wa zidzukulu zinayi uja akupikisana ndi nkhokwe za ndalama za maboma amenewa, iye ali ndi khasu ndi mpope wobwereka.

Anzathu ena sanakhale chete ngati ife. Mu 2003 mayiko anayi osauka, Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali, anagwirana manja n'kukadandaula ku WTO kuti sabuside za thonjezi zithe. Nkhaniyi inafika pa msonkhano waukulu wa ku Cancún m'dziko la Mexico mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo msonkhanowo unatha osamvana. Ndi pa msonkhano womwewo pamene mlimi wa ku South Korea, Lee Kyung-hae, anakwera pa mpanda wa apolisi atanyamula chikwangwani chonena kuti WTO ikupha alimi, n'kudzibaya ndi mpeni pachifuwa. Anamwalira tsiku lomwelo. Nditamva nkhani ya bamboyu ndinasowa tulo, chifukwa ndinazindikira kuti kulira kwathu kuno si kwa ife tokha. Mu 2005 ku Hong Kong analonjeza kuti nkhani ya thonje aithamangira. Mu 2015 ku Nairobi anagwirizana zothetsa sabuside zolipirira katundu wa zaulimi wotumizidwa kunja, chimene chinali chinthu chabwino ndithu, koma ndalama zimene boma limapatsa mlimi m'dziko mwake momwemo, zomwe ndiye gwero la vutoli, sanazikhudze. Pa 7 Okutobala chaka chilichonse pali tsiku lokumbukira thonje pa dziko lonse. Zaka zoposa 20 zadutsa chidandaulireni mayiko anayi aja, ndipo chimene anapempha sanachilandirebe.

Nkhani imene imandipweteka kuposa zonse ndi ya Brazil. Dziko limeneli, poti lili ndi ndalama zolembera maloya, linasumira America ku bwalo la WTO mu 2002 pa nkhani yomweyi ya thonje. Linapambana mu 2004, America inachita apilo, Brazil inapambananso mu 2005. Mu 2009 bwalo linalola Brazil kubwezera America mpaka madola pafupifupi 830 miliyoni, gawo lalikulu pokweza misonkho pa katundu wake. Mukuganiza kuti America inasiya pompo kupatsa alimi ake ndalama? Mu 2010 inagwirizana ndi Brazil kuti iziipatsa madola 147 miliyoni pa chaka, ndipo mu 2014 inapereka madola 300 miliyoni kuti mlandu utsekedwe. Wolakwa analipira wodandaula mmodzi amene anali ndi mphamvu yomuluma. Mali ndi Chad, amene anavulala kwambiri, America sinawalipire chipukuta misozi chilichonse. Chilango cha ku WTO n'chakuti wopambana akweze msonkho pa katundu wa wolakwayo. Tsono Malawi atakweza msonkho pa katundu wa ku America, ndani ku Washington angamve kuwawa? Tingadzipweteke tokha. Ndipo kuyambira Disembala 2019 bwalo la apilo la bungweli silikugwira ntchito, chifukwa America yakhala ikukana kuti asankhe oweruza atsopano. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Tsopano ndilowe m'nyumba mwanga momwe, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali imene imandichititsa manyazi ndikaibisa. Mayi a kunyumba kwanga amagulitsa kaunjika. Amakapikula belo ku Limbe, n'kumayenda nalo m'misika ya kuno. Tsiku lotsegula belo pakhomo pamakhala ngati pa ukwati: amadula mawaya, zovala n'kufufuma, fungo lake lija la mankhwala n'kudzaza nyumba, amayi a m'mudzi atazungulira aliyense akufuna asankhe choyamba. Fizi ya ana athu awiri a ku sekondale inachokera m'mabelo amenewa, osati m'thonje langa. Tsiku lina ndinatola shati m'belo n'kuwerenga kakalata ka pakhosi. Inasokedwa ku Bangladesh, inavalidwa ku Ulaya, ndipo ndi ya thonje lokhalokha. Ndinawauza mayiwo kuti mwina thonje lake ndi langa lomwe, lazungulira dziko lonse n'kundibwerera litatha kale ntchito. Iwo anandiyankha kuti, "Bambo, inu zilankhulani za ku Geneva zanuzo, koma ndiwo za lero zachokera m'belomu." Sindinawatsutse, chifukwa ananena zoona.

Komabe ine ndinakula tikuvala nsalu za ku David Whitehead ku Blantyre, zopangidwa ndi thonje la m'chigwa chino, ndipo pa sitolo iliyonse panali telala pakhonde akupalasa makina ake. Thonje likachoka m'munda limadyetsa wochotsa njere, wopota ulusi, woluka nsalu, woika maluwa, telala, ngakhale woyenga mafuta a njere zake. Ife timagulitsa pa sitepe yoyamba, pamene phindu lili lochepetsetsa, masitepe ena onsewo n'kupatsa ana a eni ake ntchito. Ana athu ali pa kabaza, ena ali ku Joni.

Dziko likafuna kukwera masitepe amenewa limakumana ndi zotani? Funsani Rwanda. Mu 2016 mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zoti achepetse kaunjika pang'onopang'ono kuti mafakitale awo a nsalu adzuke. Rwanda inakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu. Amalonda a kaunjika a ku America anakadandaula ku boma lawo, boma lawo n'kuopseza kuti lichotsa mayikowa pa AGOA, lamulo lija la chaka cha 2000 lolola katundu wa ku Africa kulowa ku America popanda msonkho. Kenya, Uganda ndi Tanzania anabwerera m'mbuyo. Rwanda inakana, ndipo mu 2018 zovala zosokedwa ku Rwanda zinachotsedwa pa mwayiwo. AGOA si pangano la anthu awiri ofanana, ndi mphatso, ndipo mwini mphatso amailanda tsiku limene wafuna. A ku Lesotho anazionanso mu Epulo 2025, pamene America inalengeza msonkho wa 50 pa 100 pa katundu wawo, dziko laling'ono limene anthu ake masauzande ambiri amadya za kusoka majini opita ku America komweko. Msonkhowo anadzautsitsa pambuyo pake, koma maoda anali ataima kale ndipo anthu anali atakhala kale pakhomo.

Chonsecho amene akutiletsawa anakwera pa makwerero omwewo. M'kalasi ndinkaphunzitsa ana kuti Britain inalemera ndi mafakitale a nsalu. Chimene sindinkawauza, poti nanenso sindinkachidziwa, n'chakuti mu 1700 ndi mu 1721 nyumba ya malamulo ya dzikolo inaletsa nsalu za thonje zochokera ku India, zimene zinali zabwino ndi zotchipa kuposa zawo. America nayo inakulitsa mafakitale ake kuseri kwa misonkho ikuluikulu kwa zaka zoposa 100. Anayamba kulalikira za msika womasuka atakhwima kale.

Wina anganene kuti aphunzitsi, zimenezi ndi zazikulu, munthu wa ku Ngabu angazitani? Yankho langa ndi mlongo wanga. Cha m'ma 2000 anadwala mpaka tinkamutembenuza pamphasa. Amuna ake tinali titaika kale. Masiku amenewo ma ARV ankagula madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka, chifukwa malamulo a umwini wa mankhwala, amene WTO inawalimbitsa pa dziko lonse, amapatsa kampani yotulukira mankhwala zaka 20 ikugulitsa yokha. Boma la South Africa litafuna kupeza mankhwala otchipa, makampani 39 analitengera ku khoti. Koma odwala eni ake, ndi abale awo, ndi anthu a mayiko ena, anaguba m'misewu osatopa mpaka makampaniwo anachita manyazi n'kuuchotsa mlanduwo mu Epulo 2001. Chaka chomwecho kampani ya ku India ya Cipla inati ikhoza kugulitsa mankhwalawo pa madola 350 pa chaka, ndipo mu Novembala ku Doha mayiko a WTO anavomereza kuti lamulo la umwini lisatsekereze boma kuteteza moyo wa anthu ake. Mu 2004 ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma kuno ku Malawi. Mlongo wanga anadzuka. Lero ali ndi zidzukulu, ndipo chaka chino anabwera kudzandithandiza kutola thonje. Ndikamuona akuwerama mumzere, nsalu ili m'chiuno, ndimadziwa kuti malamulo amenewa amasunthika anthu akawakankha. Ndimadziwanso kuti ambiri amene tinawaika m'manda zaka zimene zija anafa mankhwala alipo.

Sindikuti mavuto athu onse ndi ochokera kunja. Ayi. Sikelo zobera si za ku Geneva. Mbewu yosamera imene kalabu yathu inagulitsidwa chaka china, ogula amene amachedwa kutsegula misika mpaka mlimi atagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira, ngongole ya mankhwala imene amakudula usanaione n'komwe ndalama, magetsi ozimazima amene fakitale singayende nawo, misewu imene imakweza mtengo wa katundu asanafike n'komwe ku Beira kapena ku Nacala, zonsezi ndi zathu. Ngakhale ife a mu Africa tokhatokha timatsekerana zipata. Mwaona mmene tinakokanirana ndi Tanzania mu Epulo 2025, katundu n'kuima pa Songwe, pamene tonse tinasainira pangano la msika umodzi wa Africa. Koma kulakwa kwathu kusatitseke pakamwa pa kulakwa kwa ena. Munthu akhoza kukonza denga lake uku akudandaula za mnzake amene akumupatutsira madzi m'munda.

Pempho langa loyamba likupita kwa inu a nyuzipepala. Nduna zathu zikamapita ku misonkhano ya WTO, ife timangoona chithunzi cha pa bwalo la ndege. Tiuzeni m'Chichewa chomveka kuti akukanena chiyani, agwirizana ndi ndani, abwerako ndi chiyani. Afunseni ngati Malawi amaima limodzi ndi Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali nkhani ya thonje ikamakambidwa, poti mutu umodzi susenza denga. Nkhani za mpira mumazilemba masamba awiri, ndipo nanenso ndimaziwerenga, koma tipatseniko ngakhale theka la tsamba pa mwezi lofotokoza mmene mtengo wa thonje, fodya, shuga ndi mtedza ukuyendera kunjako ndi chifukwa chake. Mlimi akadziwa mtengo wa kunja, wa pasikelo sangamunamize.

Lachiwiri likupita kwa aphungu athu, makamaka a m'maboma olima thonje. Pangano lililonse la malonda lisanasainidwe lizifika m'nyumba ya malamulo, liwerengedwe poyera, alimi ndi amalonda ang'onoang'ono anenepo maganizo awo. Ndipo boma likamagula yunifolomu ya apolisi, asilikali, anamwino ndi akaidi, ndi nsalu zoyala m'zipatala, liyambe lafunsa ngati nsaluyo ingalukidwe konkuno ndi thonje lathu. Kaunjika musamuthamangitse lero ndi lero, mungaphe mabanja ngati langa. Yambani mwadzutsa fakitale, kuti mayi a kunyumba kwanga akadzasiya belo adzapeze nsalu ya kwathu yoti agulitse pa mtengo umene anthu a kumudzi angaufikire.

Kalabu yathu inali ndi anthu 24, pano tatsala 11. Ena asamukira ku chitowe, ena angobwerera ku mapira ndi mchewere kuti bola adye. Gogo uja anabwera kwathu sabata yatha kudzandiuza kuti ndimufufute m'kope. Ndinamupempha kuti adikire kaye chaka chimodzi, ndipo dzina lake sindinalifufute. Ine ndachepetsa munda, theka ndadulira chitowe, koma theka linalo ndasunga la thonje, ndipo mizere ndayamba kale kukonza podikira mvula.

Mphunzitsi wopuma,
Ngabu, Chikwawa